Belu la Kamera Likasiya Kugwira Intaneti: Mafunso ndi Mayankho

Mabelu a pakhomo okhala ndi kamera sakhalanso achilendo m'matauni mwathu. Ena amabwera m'zikwama za achibale ochokera ku Joni kapena ku Mangalande, ena amagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina. Mayina ake ndi ambiri: Ring, Nest, Eufy, Arlo, Tapo, Ezviz, ndi ena otchipa amene amayendera app ya Tuya kapena Smart Life. Mlendo akadina batani pageti, foni imalira kulikonse kumene muli, mumamuona ndi kulankhula naye. Koma tsiku limene app yalemba kuti belu lili offline, anthu ambiri amathamangira kupanga reset. Ine ndikuti reset izikhala yomalizira, chifukwa kawirikawiri cholakwika sichikhala m'belumo. Zitsanzo zambiri ndatenga pa mabelu a Ring poti ndiwo ofala, koma mfundo zake zimagwiranso pa enawo.

App ikuti belu langa lili offline. Ndiyambire pati?

Musalikhudze kaye belulo. Kanema amene mumaona pafoni amayenda ulendo wautali. Amachoka pa belu kupita ku rauta ya m'nyumba kudzera pa Wi-Fi, kuchoka apo amakwera pa intaneti mpaka ku makompyuta a kampani yopanga belulo, amene ali kunja kwa dziko, kenako n'kutsikira pafoni yanu. Ulendowu ukaduka paliponse, app imalemba mawu amodzimodzi aja, osakuuzani pamene wadukira.

Ndiye zimitsani data ya pafoni, lumikizani foniyo ku Wi-Fi ya pakhomopo, muyese kutsegula tsamba lililonse. Likakana kutseguka, vuto mwalipeza kale. Kwathu kuno ambiri timadalira MiFi kapena rauta ya simukhadi, ndipo bandulo ikatha rautayo imapitirizabe kuonetsa Wi-Fi yamphamvu, timizere tonse tili chilili, pomwe intaneti mulibe. Belu limakhala lalumikizana ndi rauta bwinobwino, kungoti lasowa potulukira. Mukagula bandulo n'kudikira mphindi zingapo, limabwerera lokha.

Intaneti ikakhala ilipo, chachiwiri ndi mphamvu. Dinani batani la belulo ngati mlendo. Likawala kapena kulira, ndiye kuti moto ulimo. Likangokhala zii, nkhani ndi ya batire kapena mawaya, ndipo reset siingathandize kalikonse.

Magetsi anathima. Atayaka zonse m'nyumba zabwerera, koma belu ayi. Chifukwa chiyani?

Rauta simadzuka nthawi yomweyo. Imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti iyake ndi kugwira netiweki. Belu la batire, limene silinathime n'komwe, limakhala kuti lafunafuna Wi-Fi kwa maola ambiri osaipeza, ndipo pofuna kusunga batire limachepetsa kufunafunako. Kudina batani lake kumalidzutsa kuti liyesenso. Likapanda kubwerera, zulani rauta pa magetsi, dikirani masekondi 30, muilumikizenso, ndipo muipatse nthawi yokwanira musanaweruze.

Mabelu ena a waya, monga Ring Pro, ali ndi kabatire kakang'ono m'kati, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali kamafunika kudzaza kaye belu lisanayake. Apa chofunika ndi kuleza mtima basi.

Amene amakhala kumene magetsi amathimathima angachite bwino kugulira rauta ka UPS kakang'ono ka 12V, kapena kuilumikiza ku inveta ya sola. Ku South Africa tizipangizoti tinafala kwambiri pa nthawi ya load shedding. Belu la kamera limafunika kwambiri usiku wamdima, ndipo likhoza kukhala ndi batire lodzaza koma rauta ikathima silitumiza chilichonse.

Kodi kuzimitsa ndi kuyatsa, kulumikizanso, ndi kupanga reset si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo kusokoneza zimenezi n'kumene kumatayitsa anthu makanema awo.

Kuzimitsa ndi kuyatsa sikufufuta kanthu. Mumachotsa batire kapena kudula magetsi kwa kanthawi, belu limadzuka likukumbukira zonse. Kulumikizanso Wi-Fi kumasintha chinthu chimodzi chokha: belu limaiwala netiweki yakale n'kuphunzira yatsopano, koma limakhalabe pa akaunti yanu ndi makonzedwe anu onse. Reset imafufuta zimene zasungidwa m'belumo, makamaka dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake, n'kulibwezera mmene linalili potuluka m'bokosi.

Palinso chachinayi, chimene ndi choopsa kuposa zonse ngakhale chimaoneka chopepuka, poti ndi kungodina pafoni: kuchotsa belu pa akaunti. Mu app ya Ring chimalembedwa kuti Remove This Device. Mukatero, makanema onse a belulo amene anasungidwa ku kampani amafufutika ndipo sabwereranso. Ngati muli ndi kanema wa wakuba amene apolisi angamufune, mukopereni pafoni kaye. Munthu amene akungofuna kusintha Wi-Fi alibe chifukwa chodinira pamenepo.

Ndasintha rauta. Kodi ndiyenera kukamasula belu pageti?

Mwina ayi. Belu silidziwa kuti rauta ndi yatsopano kapena yakale. Limangofuna dzina la netiweki ndi pasiwedi zimene linapatsidwa. Choncho lowani m'makonzedwe a rauta yatsopanoyo, muipatse dzina lomwe lija la yakale ndi pasiwedi yomwe ija, chilembo ndi chilembo, chachikulu pamene panali chachikulu. Belu, TV, makamera ena ndi mafoni a ana onse adzalowa okha. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imapulumutsa munthu ku makwerero ndi sikuludiraiva.

Koma ngati mwasintha pasiwedi dala, mwina chifukwa inafalikira mudadada yonse, belu liyenera kuuzidwa yatsopanoyo, ndipo muyenera kukhala pafupi nalo. Simungachite zimenezi muli ku London pomwe belu lili ku Area 47. Mu app ya Ring sankhani belulo, lowani pa Device Health, kenako Reconnect to Wifi kapena Change Wifi Network. App idzakuuzani kuti mudine batani loyambira. Pa mabelu ena batanili ndi lamtundu wa lalanje ndipo lili kumbuyo, moti belu liyenera kuchotsedwa pakhoma. Pa ena lili pansi pa chivundikiro chakutsogolo, ndipo pa Ring Pro lili m'mbali. Chivundikirocho chimagwidwa ndi kasikuluwu kakunsi kamutu wooneka ngati nyenyezi, kamene kamafuna sikuludiraiva yake imene imabwera m'bokosi. Musaitaye, ndipo musakakamize kasikuluwuko ndi mpeni.

Mukadina batanilo kamodzi, osakanikiza nthawi yaitali, kuwala koyera kumayamba kuzungulira. Belu limatsegula ka Wi-Fi kakekake kosakhalitsa, kamene dzina lake limayamba ndi Ring. Foni imalowa mmenemo, imapatsira belu dzina ndi pasiwedi ya netiweki ya m'nyumba, kenako imatuluka.

Ndikafika pakati foni imangozungulira kenako n'kulephera. Ndikulakwitsa chiyani?

Nthawi zambiri wolakwa ndi foni. Ka Wi-Fi ka belu kaja kalibe intaneti, ndipo mafoni amakono akaona netiweki yopanda intaneti amaithawa n'kubwerera ku data. Zimitsani data mpaka mutamaliza, ndipo foni ikafunsa ngati ikhalebe pa netiweki imeneyo, vomerani. VPN nayo izimitsidwe. App ipatsidwe chilolezo choona malo amene muli, chifukwa pa Android popanda chilolezo chimenechi siitha kuona mndandanda wa ma Wi-Fi apafupi. Mabelu ambiri atsopano amagwiritsanso ntchito Bluetooth poyamba, ndiye iyatseni.

Mabelu otchipa a Tuya ali ndi njira ina. App imaonetsa QR code pafoni, inu n'kuilozetsa ku kamera ya belu pa mtunda wa masentimita 15 kapena 20 mpaka litalira. Padzuwa la masana kamera imavutika kuwerenga, choncho onjezerani kuwala kwa foni, phimbani dzuwa ndi thupi lanu, ndipo pukutani diso la kamera. Chabwino koposa ndi kuchotsa belu pageti n'kukachitira zonsezi pabalaza, pafupi ndi rauta.

Belu likuona ma Wi-Fi a anthu oyandikana nawo, koma yanga ayi. Zatheka bwanji?

Rauta zambiri zamakono zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma siipita patali ndipo makoma amaifooketsa msanga. Ya 2.4 GHz imayenda pang'onopang'ono koma imafika kutali, n'chifukwa chake mabelu ambiri, makamaka otsika mtengo, amamva 2.4 GHz yokha. Ngati rauta yanu ikuulutsa 5 GHz yokha, kwa belu lotere netiweki yanu kulibe. Rauta zina zimaphatikiza ziwirizi pansi pa dzina limodzi, ndipo belu limasokonezeka. Zilekanitseni, iliyonse ikhale ndi dzina lake, belu mulipatse ya 2.4.

Chachiwiri ndi tchanelo. Wi-Fi ya 2.4 GHz ili ndi matchanelo 1 mpaka 13 m'maiko ambiri, koma zida zopangidwira msika wa ku America zimaona 1 mpaka 11 okha. Rauta ikadzisankhira yokha tchanelo 12 kapena 13, belu lochokera kumeneko limaitaya, ndipo zimenezi zingachitike usiku umodzi popanda wina kukhudza kanthu. Ikani rauta pa tchanelo 1, 6 kapena 11 ndipo isamasinthe yokha. Chachitatu ndi chitetezo cha netiweki: mabelu akale ambiri sagwirizana ndi WPA3, amafuna WPA2.

Kuwala kwa pabatani kukuthwanima. Kukutanthauza chiyani?

Pa mabelu a Ring a batire, kuwala kwa buluu kukamakwera m'mwamba ndiye kuti belu likulowa pa Wi-Fi, ndipo kukathwanima kanayi zatheka. Zikalephera, kuwala koyera kumathwanima mbali imodzi. Kumtunda kumatanthauza kuti pasiwedi yalakwika. Kumanja, belu silikuimva bwino rauta. Kumanzere, lalowa pa rauta koma intaneti kulibe, ndiye tabwereranso ku nkhani ya bandulo ija. Bwalo lonse likamathwanima moyera mutangomaliza kulumikiza, belu likudzikonzera pulogalamu yake ya m'kati. Lisiyeni, musadine kanthu kapena kuchotsa batire mpaka litamaliza. Makampani ena ali ndi mitundu yawo, yolembedwa m'kabuku ka m'bokosi.

Limalumikizika bwino, koma pakapita tsiku limatayikanso. Kodi ndi lowonongeka?

Funso ili ndilo lofala kwathu, ndipo yankho lake lili m'kamangidwe ka nyumba zathu. Mabeluwa anapangidwira nyumba za ku America, kumene chitseko chakumaso chimayang'ana msewu, makoma ambiri ndi a matabwa, ndipo rauta ili pafupi. Ife mlendo safika pachitseko, amaima pageti. Pakati pa rauta ndi belu pamakhala makoma a njerwa zootcha awiri kapena atatu, mawindo a mabagilaba, bwalo, galimoto, mpanda, ndipo kumapeto geti lachitsulo. Chitsulo ndicho mdani wamkulu wa Wi-Fi. Belu lomangidwa pa getilo, kapena kuseri kwa chipilala cha konkire chokhala ndi zitsulo m'kati, limamva rauta ngati munthu woitana ali kutsidya kwa mtsinje wodzaza.

Musamangoganizira, onani nambala. Mu Device Health muli chiwerengero chotchedwa RSSI, chimene chimalembedwa ndi kamzere kutsogolo. Chikayandikira ziro ndiye kuti mphamvu ndi yabwino: -40 ndi yabwino kwambiri, -60 ndi yokwanira, koma ikafika -70 kanema amayamba kudukaduka ndipo belu limatayika nthawi iliyonse. Reset siisintha nambala imeneyi ngakhale mutaipanga kakhumi. Chimene chimaisintha ndi kusuntha rauta, kuichotsa kuseri kwa TV kapena m'kabati n'kuiika pamwamba, pafupi ndi windo loyang'ana kugeti. Zikakanika, pamafunika kachipangizo koonjezera mtunda wa Wi-Fi, ndipo kaikidwe pakatikati, pamene mphamvu ya rauta ikadali yabwino. Kukaika pafupi ndi belu n'kutaya ndalama, poti kadzangobwereza mphamvu yofooka yomweyo. Pa bwalo lalikulu njira yodalirika ndi kukoka waya wa netiweki mpaka kukanyumba ka mlonda n'kuikako chipangizo cha Wi-Fi chachiwiri.

Palinso liwiro lotumizira. Tikamayesa intaneti timayang'ana liwiro lotsitsira zinthu, koma belu limatumiza kanema kunja. Ring imalimbikitsa 2 Mbps yotumizira pa belu limodzi la 1080p. Pa netiweki ya foni liwiro limeneli limatsika madzulo anthu akachuluka. Dziwaninso kuti kanema woyenda pa 2 Mbps amadya pafupifupi 15 MB pa mphindi, ndiye belu loyang'ana msewu wodutsa anthu ambiri, kabaza ndi mbuzi, limatha kumaliza bandulo mwezi usanathe. Chepetsani dera limene limayang'anira kuti lizijambula ofika pageti okha.

Nanga reset yeniyeni ipangidwe liti, ndipo motani?

Ipangeni belu likakana kulowa pa gawo loyambira lija ngakhale batire lili lodzaza, likauma osayankha chilichonse, kapena mukamalipereka kwa munthu wina. Pa Ring mumakanikiza batani loyambira kwa masekondi 20 osasiya, kenako n'kusiya. Kuwala kumathwanima kwa kanthawi. Lipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo likapanda kuyamba lokha kuzungulira koyera kuja, dinani batanilo kamodzi n'kutsatira app. Pa mabelu ena reset ili m'kabowo kofuna kapini, ndipo nthawi yokanikiza imasiyana. Belu likakhala losunga makanema pa memore khadi, chotsani khadiyo n'kukopera zofunika musanayambe.

Musapange reset batire lili pafupi kutha. Belu likathima pakati pa ntchitoyi mwadziwonjezera vuto.

Ndagula belu kwa munthu wina. Ndapanga reset koma app ikuti ndi la mwini wina. Nditani?

Apa reset ilibe mphamvu. Umwini wa belu sunalembedwe m'belumo, unalembedwa ku makompyuta a kampani, pamene nambala ya belulo yamangidwa ku imelo ya mwini wake. Kampaniyo inachita dala kuti wakuba akazula belu pakhoma asapindule nalo. Amene angalimasule mosavuta ndi mwini wakale, polichotsa pa akaunti yake, ndipo angachite zimenezi ali kulikonse pa dziko lapansi.

Choncho musapereke ndalama musanaone belu litalowa pa akaunti yanu, wogulitsa ali pomwepo. Akayamba kunena kuti mwini wake anapita kunja, kapena kuti pali mnyamata wodziwa kutsegula, bwezani katunduyo. Chimodzimodzi mukalowa nyumba ya lendi n'kupeza belu pageti: funsani alandilodi kapena amene anatulukamo kuti alichotse pa akaunti yawo, chifukwa likangopeza intaneti iwowo ndi amene aziona olowa ndi otuluka panyumba panu. Ndipo ngati mwaitana waluso kuti akuikireni, akaunti ikhale ya imelo yanu ndi nambala yanu. Ambiri amalola woikayo kugwiritsa ntchito imelo yake kuti zifulumire, ndipo tsiku limene wasintha nambala kapena wasamuka, belu limasanduka chokongoletsera geti.

Achibale akunja amene akutumiza belu limene analigwiritsapo ntchito alichotse pa akaunti yawo asanalilongeze.

Bwanji za batire ndi mawaya?

Batire la Ring limatenga maola 5 mpaka 10 kuti lidzaze, ndipo lidzaze lonse musanalibwezere. Belu la batire lolumikizidwanso ku waya limalandira moto wochepa wongothandizira, moti likamajambula pafupipafupi batire limathabe. Kuzizira kumalifooketsa: kutentha kukatsika kufika pa 0°C, monga m'nyengo yachisanu ku Mangalande, limasiya kutchajika. Kwathu vuto ndi dzuwa. Mabeluwa anapangidwira kutentha kosapitirira pafupifupi 50°C, ndipo geti lachitsulo loyang'ana kumadzulo mu Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire kapena kunyanja, limatha kulitenthetsa mpaka kudzizimitsa. Kadenga kakang'ono pamwamba pake kamathandiza, komanso kamaliteteza ku mvula.

Pa mawaya mverani bwino. Magetsi a m'nyumba zathu ndi 230V, pomwe mabeluwa amafuna mphamvu yochepa yodutsa pa thiransifoma: 8V mpaka 24V pa ambiri a Ring, ndipo 16V mpaka 24V pa Ring Pro. Kulumikiza belu ku waya wa nyali ya pageti mwachindunji n'kuliotcha nthawi yomweyo, ndiponso n'kuika pachiswe moyo wa aliyense wodina batanilo. Thiransifoma yofooka, kapena waya wautali woonda, imachititsa belu kuthima usiku nyali zake zoonera mumdima zikayaka. Ntchito ya ku 230V isiyireni wodziwa zamagetsi.

Labwerera. Pali china choti ndichite?

Tulukani, dinani batani, muone ngati foni yalira ndipo mawu akumveka mbali zonse ziwiri. Kabelu kolira m'nyumba, ngati kali ka Wi-Fi, kamafuna kulumikizidwa pakokha. Onaninso mndandanda wa anthu amene munawapatsa mwayi woona belulo, muchotse amene anachoka pakhomopo.

Pasiwedi ya akaunti isakhale yomwe mumagwiritsa ntchito pa Facebook kapena pa imelo. Mu 2019 ku America anthu achipongwe analowa m'makamera a Ring a m'nyumba za eni ake, ena mpaka kulankhula ndi ana, pogwiritsa ntchito mapasiwedi amene anabedwa kwina. Kuyambira February 2020 Ring inalamula kuti aliyense azitsimikiza ndi nambala yachiwiri polowa. Nambala imeneyo imabwera pafoni, ndiye mukasintha simukhadi kumbukirani kusinthanso pa akaunti. Muonenso kumene kamera yaloza. Mu 2021 khoti la ku Oxford ku England linagamula kuti munthu wina anaphwanya malamulo oteteza zinsinsi za anthu ndi makamera ake, kuphatikizapo belu la Ring, ndipo chimene woweruza anadandaula nacho kwambiri chinali mawu amene zidazo zinkatola patali. App ili ndi pozimitsira kujambula mawu ndi pophimbira mbali ya chithunzi yoyang'ana kwa anzanu.

Ndayesa zonsezi koma likukanabe. Nditaye?

Patsala yeso limodzi. Chotsani belu pageti, lidzazeni batire, mubwereke foni yachiwiri n'kuyatsa hotspot yake pa 2.4 GHz. Pa iPhone zimenezi zimatheka poyatsa Maximize Compatibility. Ikani belu pambali pa foniyo n'kulilumikiza ku hotspot pogwiritsa ntchito foni yanu. Likalowa n'kuonetsa kanema, belulo ndi labwinobwino, ndipo bwererani ku rauta ndi mtunda wa kugeti. Likakana ngakhale pamenepo, batire lili lodzaza ndipo reset mwapanga, chawonongeka ndi cha m'kati. Ngati waranti ikadalipo, libwezeni kumene munagula pamodzi ndi lisiti. Ngati inatha, koperani makanema anu, lichotseni pa akaunti, ndipo pogula lina yambani mwayesa mphamvu ya Wi-Fi pageti ndi foni yanu musanalipire.